Chimene Mng'ono Wanga Anandisungitsa

Mng'ono wanga anabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi. Anatsika minibasi pamsewu mwezi wa Epulo, ife tili mkati mosankha fodya, n'kuyenda wapansi mpaka kumudzi. Anali atakhalako zaka zisanu. Anzake obwera kumeneko ankafika ndi malata, ena ndi galimoto. Iye anafika ndi mathalauza awiri, foni yong'aluka galasi, ndi bokosi la nsapato lomangidwa ndi mphira.

Sindinamufunse zambiri. Ndinamva pang'onopang'ono kuti ankagwira ntchito m'shopu yokonza makompyuta, kuti shopuyo inatsekedwa zinthu zitavuta, ndipo mwini wake potsazikana anamupatsa chimene chinali m'bokosimo.

Tsiku lachitatu anabwera nalo pakhonde panga n'kumasula mphira uja. M'katimo munali juzi, ndipo m'juzimo munali chinthu chakuda, chotalika kuposa njerwa, chokhala ndi timafani tiwiri pamwamba ndi mzere wa timano tagolide m'munsi.

"Limeneli ndi khadi la zithunzi, achimwene," anatero. "Kompyuta wamba imalemba makalata. Koma yosewerera magemu imafuna limeneli. Ndi limene limathamangitsa anthu pa sikirini ngati amoyo."

Mkazi wanga anasuzumira ali ndi lichero m'manja. "Ndiye zaka zisanu zonsezi, alamu, mwatibweretsera wailesi yopanda mawu?"

"Dikirani muone, alamu. Mudzasiya ndiwo zikupserera."

"Zanga sizipserera. Zimapserera za akazi a ku Joni."

Anaseka, koma osati kwambiri. Kenako anandiuza maganizo ake. Ankafuna kugula zipangizo zina zonse, chimodzichimodzi, n'kumanga kompyuta yoyenerana ndi khadilo. Akatero aiike pamsika wathu, pa msewu wopita ku Njombwa pamene pali magetsi, kuti achinyamata azisewera mpira wa pa sikirini awiriawiri.

"Ikatheka ndikhala," anatero. "Ikakanika, pano ndilibe chochita. Ndibwerera."

Sankanama. Ulimi sanauzolowere, ndipo dzina lake silinali pa mndandanda wa makuponi chifukwa polemba mayina anali kunja. Thumba la feteleza limene tinkapeza tinkagawana kale ndi banja lina la m'mudzi. Ine za magemu ndinkaziona ngati za ana, koma sindinanene. M'mimba mwa mayi athu tinatsala awiri okha, ndipo m'mudzi mwathu ndinali nditakumbako manda awiri a anthu obwera m'bokosi kuchokera kumeneko. Ndinkafuna akhale.

Iye ankagona m'kanyumba ka udzu kotseka ndi waya. Yanga ndi ya malata, ya loko. Choncho anamanganso mphira uja n'kundipatsa bokosilo ndi manja awiri.

"Sungani, achimwene."

Kwathu chinthu ukasungitsa kwa mkulu suchifunsafunsa. Kupempha kuti uchione n'chimodzimodzi kumunena kuti ndi wakuba. Ndinaliika pamwamba pa kabati kuchipinda, ndipo iye sanalitchulenso.

Mabelo oyamba atagulidwa ku okushoni mu Juni, tinapita ku Lilongwe tonse awiri. Khadilo sitinalitenge. M'malo mwake ndinali nditaliyeza ndekha ndi twayini wosokera fodya, monga anandipempha, n'kudula kachidutswa kofanana nalo kutalika. Kachidutswako anakasunga m'thumba la shati ngati tikiti.

Tinalowa m'timashopu ta zinthu zakale, tothinana, tofika mpaka kudenga ndi makompyuta akufa. Kumeneko ndinaona mng'ono wanga atasanduka munthu wina amene sindinkamudziwa. Kumudzi ankayenda ngati mlendo wopempha njira. M'timashopumo ankalankhula mwachidule, wogulitsa n'kumamvetsera.

Anayamba ndi bolodi lalikulu, limene zonse zimalumikizidwapo. Ankalinyamula m'mbali, n'kulipendeketsa pa kuwala kwa pakhomo. Pa bolodipo pali timigolo ting'onoting'ono toimirira. Ankatiyang'ana kamodzikamodzi.

"Aka katupa pamutu. Bwezani."

"Bwana, limenelo likugwira ntchito bwinobwino," anatero wogulitsa.

"Lero. Nanga mawa?"

Anabweza atatu, n'kutenga lachinayi, losaoneka bwino kuposa enawo. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati lokongola mwa atatu aja linali ndi malo a khadi, inde, koma silinkagwirizana ndi pulosesa imene anaifuna, kachitsulo kakang'ono kamene ndi ubongo wa zonse. Zinthu zimenezi zili ndi mitundu, anatero, sizikwatirana chisawawa.

Pa kabokosi kogawa magetsi ndi pamene ndinamukonda kwambiri. Sanawerenge zolembedwa pambali. Anakanyamula m'dzanja n'kukayesa kulemera, kenako anakanunkhiza pa timabowo. Kopepuka ankakabweza. Konunkha chopserera ankakabweza osalankhula. Ine ndasankha fodya zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndimadziwa kuti tsamba limaweruzidwa ndi chala ndi mphuno lisanaweruzidwe ndi diso. Ndinaima kumbuyo kwake ndikugwedeza mutu ngati ndikumva.

Chomaliza chinali kesi, chibokosi cha chitsulo chosungiramo zonse. Wogulitsa anatulutsa yagalasi, ya timagetsi tofiira. Mng'ono wanga anatulutsa twayini uja, n'kumutambasula m'kati. Sanakwane. Anasankha ina yakuda, yokalika m'mbali, koma yotakasuka ndiponso ya mabowo ambiri kutsogolo ndi kumbuyo.

"Yoipa chonchi?" ndinafunsa.

"Mpweya, achimwene. Mdani wa zinthu izi ndi kutentha. Khadi lija likatenthedwa, latha."

Mawu amenewo ndinawasunga.

Chimene sitinapeze ndi memore ya mtundu wa bolodi lathu. Wogulitsa wina analonjeza kuti aitanitsa ku Blantyre, ndipo tinadikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Zipangizo zinazo, pamodzi ndi sikirini yakale, mng'ono wanga anakazisiya pamsika, kwa bambo wina wachisilamu wa golosale amene anavomera kumubwereka kachipinda ka kuseri. Khadi lokha anati lisachoke m'banja.

Mu Julaye mphepo ya mwera imauma, ndipo fodya amauma nayo. Ukamugwira masana amafumbutuka m'manja ngati pepala lakale. Pa chifukwa chimenechi kuseri kwa chigafa changa cha fodya ndili ndi kachipinda kokumbidwa pansi kufika m'chiuno, kofoleredwa ndi udzu wochindikala. Timangokatcha dzenje. M'mawa uliwonse ndimathira makeni awiri a madzi pansi, n'kupachika masaka onyowa m'makoma. Fodya akagonamo amafewa ngati chikopa cha mwana wa mbuzi, ndipo umatha kumusankha ndi kumumanga osathyola tsamba. Pakhomo panga palibe malo ozizira kuposa amenewo.

Tsiku lina masana ndinapisa dzanja pamwamba pa kabati kufuna lumo, n'kukhudza bokosi lija. Linali lofunda. Malata anali pafupi, dzuwa lili paliwombo. Ndinaima pomwepo ndikukumbukira mawu a ku Lilongwe. Ndinaganiza za Seputembala ndi Okutobala amene ankabwera, pamene malata amalira ndi kutentha.

Sindinafunse munthu. Ndinanyamula bokosilo n'kutsika nalo m'dzenje. M'menemo muli kathandala ka nsungwi pakona, kotalikirana ndi pansi, pamene ndimagoneka masamba abwino kwambiri. Ndinasuntha timitolo tiwiri n'kuliika pakati. Potuluka ndinadziona ngati munthu wanzeru. Ndinaganiza kuti tsiku lina ndidzamuuza, iye adzadabwa kuti mkulu wake wa kumudzi anamva nkhani ya kutentha kamodzi kokha n'kuigwiritsa ntchito.

Linakhala m'menemo milungu isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse ndinkathira makeni anga awiri.

Memore itafika, mng'ono wanga anandiuza kuti mawa lake timanga. Ndinatsika m'dzenje kukatenga bokosi. Nditalinyamula linapindika m'manja mwanga, lofewa ngati buledi. Nditamasula mphira, juzi ija inali yozizira, ya fungo la chuku. Pa timano tagolide panali zobiriwira.

Chuku ndimachidziwa. Chandionongerapo belo lathunthu. Koma ndinadziuza kuti chitsulo si tsamba. Ndinayanika bokosi ndi juzi kuseri kwa chigafa kumene sikupita anthu, ndinapukuta khadilo ndi m'mphepete mwa shati, ndipo dzuwa litapendeka ndinamanga zonse monga zinalili. Mkazi wanga sindinamuuze.

M'mawa tinapalasa njinga kupita kumsika. Bambo wa golosale anatilandira atavala mkanjo wake woyera, ali ndi makiyi m'manja.

"Alimi afika! Lero fodya mwamusiyira ndani, akuluakulu? Kapena nanunso mwayamba magemu?"

"Ndabwera kudzagwira masikuluwu basi."

"Mugwire bwino. Manja anuwo anazolowera jeke. Mukakanikiza ngati belo, mutiphulitsira shopu."

Kachipindako kanali kosesedwa, kali ndi tebulo limodzi ndi benchi. Mng'ono wanga anasamba m'manja, anagwira chitsulo cha pawindo kaye, n'kuyala bolodi pa katoni yake. Anatenga pulosesa ndi zala ziwiri, anayang'ana kakona kokhala ndi chizindikiro, n'kuitula pamalo pake osaikanikiza. Inangokhala yokha. Pamwamba pake anafinyirapo kadontho ka phala lotuwa, kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukhazikapo fani. Memore inalowa ndi kaphokoso kakang'ono, kawiri. Ine ndinali ndi sosala ya masikuluwu, ndikumupatsa imodziimodzi. Mawaya anawadutsitsa kuseri n'kuwamanga bwinobwino, ngakhale kuti kumeneko palibe akanaona.

Ankaimba mluzu. Chibwerereni ndinali ndisanamumve akuimba mluzu.

"Tsopano mkwatibwi," anatero. "Bweretsani, achimwene."

Ndinamupatsa bokosi. Anamasula, anafunyulula juzi, n'kusiya mluzu. Anapita nalo pakhomo pa kuwala. Anakanda timano tija ndi chikhadabo, anapukuta ndi kansalu, anapemerera. Kenako analilowetsa pamalo pake, analumikiza waya wa sikirini, n'kudina batani.

Mafani anazungulira. Sikirini inakhala yakuda.

Anazimitsa, analizula, analibwezera, anadinanso. Yakuda. Kachitatu anamasula timasikuluwu ta khadilo n'kuchotsa chivundikiro cha mafani. Kunsi kwake kunali zoyera ngati mchere wouma, ndi dzimbiri m'timiyendo ta zitsulo.

"Madzi," anatero.

Ndinadikira kuti andiyang'ane, koma sanatero. Anakhala pa benchi, khadi lili pamiyendo.

"Ndi pa ulendo paja. Mvula inatipeza pa boda, zikwama zili m'ngolo ya kumbuyo kwa basi. Ndinkati ndilitenge ndikhale nalo pamiyendo, koma ndinagona." Anapukusa mutu. "Chinthu chimodzi chokha, achimwene. Zaka zisanu, chinthu chimodzi, ndipo ndinalephera kuchisunga."

"Pepani, aphwanga," anatero wa golosale. "Zinthu zimagulidwa. Lina lidzapezeka."

"Kuno? Ngakhale litapezeka, fodya wa chaka chonse sangaligule." Anakulunga khadilo m'juzi mosasamala. "Wonyamula anthu uja anyamuka liti?"

Ankanena bambo wina wa pamsika pomwepo amene ankatenga anthu pa minibasi yake kupita nawo ku Joni.

"Lachinayi la sabata ya mawa."

"Mumuuze andisungire malo."

Pobwerera ndinapalasa kumbuyo kwake njira yonse. Kangapo ndinafuna kumuuza. Palibe amene anandiona ndikutsika m'dzenje, ndipo mvula ya pa boda inalidi itagwa. Ndikanatha kungokhala chete moyo wanga wonse.

Mkazi wanga anaona kuti sindinadye. Anandipeza kuchigafa ndikumasula mikangala yoyanikira fodya imene sinkafunika kumasula, ndipo ndinamuuza zonse. Poyamba anagwira pakamwa.

"Inu abambo, munafewetsa kompyuta?"

"Anati imaopa kutentha."

Anaseka mpaka kugwira mzati, misozi ikutuluka. Kenako anasiya mwadzidzidzi.

"Kamuuzeni."

"Ndikamuuza khadi lidzuka?"

"Silidzuka. Koma munthu akupita atasenza mlandu umene si wake. Akakafera kumeneko, mudzauika pati?"

Kwathu mkulu sapepesa kwa mng'ono pamaso. Amatuma munthu, kapena amapha nkhuku n'kumuitana kudzadya, nkhani n'kutha osaitchula. Ndinaganiza za nkhuku. Koma nkhuku sikanamuuza kuti sinali mvula ya pa boda.

M'mawa mwake ndinapita ku kanyumba kake. Ndinamupeza akuchapa mathalauza ake awiri.

"Tiye ndikakuonetse chinthu."

Ananditsata osafunsa. Tinatsika m'dzenje. Masaka anali akudontha, pansi pali chinyontho cha madzi a dzulo. Ndinaloza kathandala ka nsungwi, pamene panali pakadali mpata pakati pa timitolo.

"Bokosi lako linali apa. Kuyambira Julaye."

Anayang'ana kathandalako, anayang'ana masaka, anagwira khoma n'kuyang'ana chikhatho chake chonyowa.

"Apa?"

"Pa kabati pankatentha. Unati likatenthedwa latha."

"Ndiye munaliika m'madzi?"

"Sindinadziwe."

"Simunadziwe. Nanga kufunsa? Ndimagona apa, achimwene, mayadi makumi awiri! Pakamwa mulibe?" Mawu ake anadzaza kadzenjeko. "Ndipo dzulo? Munaima ndi sosala yanu, ine ndikudzitukwana pamaso pa munthu wa eni, inu muli chete?"

"Ndinali chete."

"Munaona liti kuti lanyowa?"

"Dzana. Ndinayanika juzi kuti usadziwe."

Anatembenuka ngati akutuluka, koma anaima pa sitepe.

"Ndalakwa, mphwanga," ndinatero. "Iwe unalisunga bwino. Linafika kuno lili lamoyo. Ndalipha ndine."

Kenako anabwerera pa kathandala paja, anatola kamtolo kamodzi n'kutambasula tsamba. Linali lalitali, lofiirira mofanana, lopanda banga.

"Pano mumaikapo chiyani?"

"Wa giredi yoyamba."

"Wina uja mumaika kuti?"

"Pansipo. Pa mphasa."

Anabweza kamtoloko pamalo pake mosamala, n'kutuluka.

Masiku otsatira sanadye kwathu. Mkazi wanga ankamutumizira chakudya, mbale n'kubwera zotsukidwa, popanda mawu. M'mawa uliwonse ankapalasa kupita kumsika. Ine sindinamutsatire. Zimene zinkachitika kumeneko ndinamva kwa wa golosale, nditapita kukagula mchere umene m'nyumba unalimo kale.

Anati mng'ono wanga anatsuka khadilo ndi sipiliti ndi mswachi, analiyanika masiku awiri, n'kuliyesanso. Chithunzi chinabwera, cha mizeremizere, chinakhala kanthawi kochepa, n'kuzima. Sichinabwerenso. Atatero anachotsa khadilo, analumikiza sikirini ku bolodi lenilenilo, n'kuikamo gemu ya mpira yakale, yosafuna mphamvu zambiri.

"Osewera ake akuthamanga ngati amangidwa matabwa m'miyendo," anatero wa golosale. "Koma dzulo anyamata a kabaza anadzaza benchi, ena ataima pawindo. Anakangana za penate mpaka ndinawathamangitsa kuti ndikaswali."

"Nanga malo a pa minibasi?"

"Amenewo sanabweze. Ine sindinamufunse. Inu mwamufunsa?"

Sindinamufunse.

Lachinayi ndinadzuka kusanayere n'kupita kudambo, kumene ndinali nditafesa nazale ya fodya wa chaka chotsatira. Mabedi anga ndi anayi, ndipo kuthirira kumatha dzuwa lisanakwere. Tsiku limenelo ndinathirira, ndinazula udzu umene unali usanamere bwino, ndinakonza mpanda, ndinanola chikwanje pa mwala. Sindinkafuna kuona chikwama chija chikutuluka pakhomo. Msewu uli kutali ndi dambo, komabe galimoto iliyonse yodutsa ndinkaimva.

Ndinabwerera dzuwa litapitirira pamutu. Kanyumba kake kanali kotseka ndi waya. Njinga panalibe. Mkazi wanga anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo sanadzutse mutu.

"Wapita?" ndinafunsa.

"Apita."

Ndinatula keni pansi n'kukhala pa sitepe.

"Kumsika," anatero. "Akuti Lachinayi ndi tsiku la msika, anyamata achuluka. Minibasi ija yadutsa kale, ndaiona ndikuchokera kumjigo."

"Ananena chiyani?"

"Kwa inu? Palibe. Angofunsa ngati munda wa malemu amayi wa kumtunda uja uli ndi woulima chaka chino. Ndawauza kuti ulibe." Anathira mtedza m'lichero. "Atenga khasu lanu latsopano, aliika m'nyumba mwawo. Akuti lakale lija ndi lolemera. Ndiye mawa mukawaonetse malire, asakalime m'munda wa eni."